Zija Sizinali Zachisuweni

Ndine ndinachita. Musavutike n'kufufuza.

Inu amene mwakhala mukuloza chala a Bwanali, eni vidiyo sho ya pa Benga, asiyeni mdala ameneyo, sakudziwa kanthu. Inu amene mukuti ndi anyamata a ku Kanyenda, nawonso alekeni. A ku Kanyenda nzeru zotere alibe, ndikunena mwaulemu. Mawu aja anatuluka pa chimkuzamawu Loweruka masana, msika wonse n'kuima chilili, anali anga. Ndinangofinya mphuno kuti ndimveke ngati womasulira mafilimu wa m'tauni. Mayi anga okha ndiwo sanapusitsike. Akuti anandizindikira pa liwu loyamba, poti mphuno imeneyi anaibereka okha.

Kupepesa ndinapepesa kale, Lamlungu m'mawa, mawondo ali pa dothi. Pano ndabwera kudzafotokoza.

Amalume anga a Juma, mlongo wawo wa mayi, amayendetsa kabaza wa njinga yamoto. Siteji yawo ili pakhomo pa msika, moyang'anizana ndi mzere wa amayi ogulitsa mpunga. Pamzere umenewo pamakhala Anti Asiyatu. Awiriwa ndi pachisuweni: bambo awo a Anti ndi mayi awo a amalume anali munthu ndi mlongo wake.

Chisuweni mukuchidziwa. Msuweni wako ungamunyoze pagulu, ungamulande ndiwo m'mbale, ungamuitane kuti mkazi wako mwamuna wake ali pompo, palibe mlandu. Chiyambire kukumbukira kwanga, m'mawa uliwonse amalume akaimika njinga amakuwa:

"Mkazi wanga, wandiphikira chiyani lero?"

"Miyala," Anti amayankha osadzutsa n'komwe mutu. "Mwamuna waulesi amadya miyala."

"Ndikusiyatu iwe."

"Ndisiye lero lomwe ndipumeko."

Amayi a pamzere amaseka, akabaza amaseka, tsiku n'kuyamba. Zinali ngati belu la kusukulu.

Anti anakwatiwa kale ndi msodzi wa ku Chia, koma bambo aja anadwala n'kutisiya zaka zingapo zapitazo. Amalume nawo anakwatirapo, banja silinakhalitse. Ndiye mwezi wathawu kunatulukira bambo wina wa ku Dwangwa, wogwira ntchito ku minda ya nzimbe, munthu wofatsa, wa nyumba ya malata. Anatumiza ankhoswe kudzafunsira Anti. Ankhoswewo atatsika minibasi anafuna kabaza wowafikitsa kunyumba, ndipo mwa akabaza onse a pa siteji, tangoganizani amene anawanyamula. Yankho anauzidwa kuti adzalitenge Lamlungu lapitali masana.

Kuyambira tsiku la ankhoswelo belu lija linasiya kulira. Amalume amaimika njinga n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, mayi?" Mayi! Munthu amene wakhala ukumulonjeza kumusiya kuyambira ali mtsikana, lero ndi mayi?

Anthu ena onse sanaone kanthu. Ine ndinaona, chifukwa nthabwala ndiye munda wanga. Munthu sasiya nthabwala yake popanda chifukwa. Ikakhala nthabwala yeniyeni, nkhani ya ukwati imangoithira mchere, amalume akanati, "Ukundithawa chifukwa cha nzimbe?" Koma ikafa mwadzidzidzi chonchija, dziwani kuti mkati mwake munali chinthu chamoyo.

Panalinso nyimbo. Amalume ali ndi kasipika kamene amamangirira pa chiwongolero, ndipo memole yawo ili ndi nyimbo zambirimbiri. Koma akangoima pa siteji, Anti ali pamzere, imalira ndi imodzi yokha: nyimbo yakale ya gitala, ya munthu amene waima kutsidya bwato likupita. Anti akaweruka, sipika imabwerera ku nyimbo zodumphadumpha za masiku ano. Ndinaziona kambirimbiri. Sayansi imandivuta m'kalasi, koma ya mtundu uwu ndimakhoza.

Tsono za vidiyo sho.

Ife mafilimu timaonera omasulira. Munthu mmodzi kwinakwake amakhala ndi maikolofoni n'kumalankhulira aliyense wa mufilimumo. Bwana ndi iyeyo, mkazi wa bwana ndi iyeyo, galu akauwa ndi iyeyonso. Kodi amadziwadi Chimwenye? Chitchaina nanga? Ine ndimakayika. Mtchaina akudumpha padenga lupanga lili m'manja, iye akuti, "Ndachedwa ku maliro a apongozi." Tonse tikudziwa kuti wapeka. Timaseka, mawa tibweranso. Bodza lake timalikonda chifukwa limatenga anthu a kutali aja n'kuwakhazika pa benchi imodzi ndi ife, akudandaula madandaulo athu, m'chinenero chathu.

Loweruka lililonse masana, okwera akachepa, amalume amalowa kwa a Bwanali. Za karati saonera. Amafuna zachimwenye, zija amaimba n'kuvina mvula ili pamutu. Amakhala benchi ya kumbuyo, pafupi ndi khoma. Potuluka maso ali psuu, n'kumati, "Fumbi la m'menemu. A Bwanali sasesa."

A Bwanali amasesa, ndikuikira umboni. Ndipo fumbi limeneli siligwira amalume okha. Ndaonapo asodzi a ku Chia, amuna a manja ngati zikuni, akutuluka akupukuta m'maso ndi kolala ya malaya. Amuna omwewa pamaliro a m'bale wawo amakhala panja nkhope zili gwa, akukambirana za mitengo ya kumanda. Koma mtsikana wa dziko limene sadzapondako akasiyidwa ndi bwenzi lake, fumbi! Kodi misozi imeneyi ndi ya mtsikanayo? Kapena ndi misozi yakale imene imasowa kotulukira, ndiye yapeza chipinda chamdima chimene palibe akuyang'ana mnzake?

Mchimwene wake wa mnzanga wa m'kalasi amabena nyimbo ndi mafilimu pa laputopu, kuikira anthu m'mafulashi, ndipo a Bwanali mafilimu awo amatenga komweko. Ndinadzipereka kukawatengera fulashi ya Loweruka, iwo n'kundiyamika kuti ndine mwana waulemu. Pa laputopu ija ndinatsegula filimu yachimwenye ya tsikulo n'kusaka malo oyenera. Ndinawapeza chakumapeto: mkazi wakwera basi, basi yanyamuka, mwamuna akuthamanga m'mbali akugogoda zenera. Ndinachotsa mawu a womasulira, ndinafinya mphuno, n'kuikapo anga.

Chimene muyenera kukumbukira n'chakuti a Bwanali anapachika chimkuzamawu panja, pamwamba pa denga, kuti akope anthu. Zithunzi amaona ndi amene alowa okha, koma mawu amamva ndi msika wonse. Ndipo dengalo layang'ana pamzere wa mpunga.

Ine ndinakhala pakhonde la golosale ndi chinangwa chokazinga, kudikira. Nyimbo zinatha, ndewu inatha, kenako ndinadzimva ndekha ndikukuwa pamwamba pa Benga yense:

"Asiyatu! Asiyatu wa mpunga! Tsegula zenera, ndine Juma wa kabaza! Ku Dwangwa ukukatani? Nzimbe imatsekemera poyamba, pamapeto umalavula! Tamvera, zija ndimati mkazi wanga zija, sizinali zachisuweni. Sizinali zachisuweni, Asiyatu!"

Mufilimumo mkazi uja amatsegula zenera n'kuyankha. Pamenepo ndinasiya chete. Yankho lake sindimalidziwa, ndipo ngakhale ine ndili ndi malire.

Kenako mkati mwa vidiyo sho munaphulika phwete, akabaza anayamba kuliza mahutala, mayi wina wa tomato anaimba nthungululu. Ine ndinali pa ulemerero. Amene sanapusitsepo msika wathunthu sangamvetse kukoma kwake.

Ndiye ndinayang'ana kwa Anti.

Anali akuyezera kasitomala mpunga. Anamaliza kuyeza, osataya ngakhale njere. Anamanga thumba lawo, anasenza, n'kuyamba ulendo wa kunyumba msika usanathe. Sanaseke, sanalire, sanayang'ane aliyense. Atangodutsa, mayi wina kumbuyo kwanga anauza mnzake chapansipansi, koma mokwanira kuti ena amve:

"Kani anthuwa anayamba kale? Mwinatu anayamba malemu aja ali moyo."

Chinangwa chija sindinachimalize.

Amalume sanatuluke mpaka aliyense atapita. Atatuluka sanalize njinga. Anaikankha ndi manja ngati yatha mafuta.

Nditafika kunyumba ndinapeza mayi ataima pakhomo.

"Shaibu, tabwera kuno."

"Ine, mayi?"

"Ayi, mmwenye uja."

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anati, "Iwe ukaseka lero, mawa waiwala. Mkazi akasekedwa pamsika, adzukulu ake adzazimva. Munthu wakhala zaka zonsezi akusunga dzina lake ngati nsalu yoyera, iwe wapukutirapo mphuno yako yofinyayo. A ku Dwangwa akazimva abwerera, ndiye umukwatira ndiwe?"

Chigamulo chawo chinali chachidule. M'mawa mwake, ankhoswe asanafike, ine ndi amalume tipite kwa Anti. Ine ndikagwade. Amalume akanene ndi pakamwa pawo kuti zonse zija ndi bodza la mwana, kuti dzina la Anti liyere ndipo ukwati wa ku Dwangwa upitirire. Amalume anali pompo, atakhala pa mpando, akuyang'ana nsapato zawo. Anangogwedeza mutu.

Ndiloleni ndiime kaye apa, poti nkhaniyi si ya amalume okha.

Ife ndife anthu olankhula. Pamsika timalankhula, m'minibasi timalankhula, za mpira tikhoza kukangana kuyambira m'mawa mpaka nkhuku zilowe. Koma pa chinthu chimodzi chokha chimene chikutidya mumtima, timabwereka pakamwa pa wina. Mtsikana akakwiya ndi mnyamata samuuza. Amaika nyimbo pa sitetasi ya pa foni, n'kumasuzumira ngati waona. Mnyamata naye amayankha ndi nyimbo ina. Anthu awiri okhala mudzi umodzi, otunga pa mjigo umodzi, akukambirana kudzera mwa oimba amene sanawaonepo. Mayi akakangana ndi mnansi wake amakweza wailesi nyimbo yoyenera ikafika. Bambo amene sanauzepo mkazi wake liwu lokoma chikwatirane, paukwati wa eni ake nyimbo yakale ikalira amadzuka, n'kuvina akumuyang'ana, ndiye kuti wanena. Ena amalemba kumbuyo kwa njinga.

Sindikunyoza nyimbo. Ndani angakhale popanda nyimbo? Pali masiku amene chinthu chimakukhala pachifuwa chopanda dzina, ndiye woimba wina amangochitchula, iwe n'kupuma. Oimba ndi omasulira athu. Amatenga zimene mtima ukulankhula m'Chitchaina chake n'kuziika m'Chichewa.

Koma tinene zoona. Chimene timakondera kulankhula ndi nyimbo n'chakuti nyimbo ili ndi khomo la kuseri. Zikavuta umangoti, "Aa, ndi nyimbo chabe, ndimangoikonda gitala yake." Palibe angakugwire. Nthabwala nayo chimodzimodzi: "Ndimangocheza." Amalume anali ndi makomo awiri a kuseri, chisuweni ndi sipika, ndipo anawagwiritsa ntchito mwaluso kwa zaka zambiri mpaka anaiwala kumene kuli khomo la kumaso. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Sanatiuze kuti mbewa imeneyo inafa ikumvera nyimbo.

Vuto la amalume linali lalikulu kuposa manyazi. Munthu wina akafuna kufunsira mkazi, mawu akuti "ndikufuna ukhale mkazi wanga" amakhala atsopano, olemera, akangotuluka aliyense amakhala tcheru. Amalume mawu amenewo anali atawanena m'mawa uliwonse, anthu akuseka. Akanawanenanso ndi mtima wonse, yankho likanakhala lomwe lija: miyala. Mwambo umene unawapatsa ufulu wonena chilichonse ndi womwewo unawalanda mawu.

Lamlungu m'mawa tinapeza Anti pakhonde, akupeta mpunga m'lichero. Mpando sanatipatse. Amalume anavula chipewa, ine ndinagwada.

"Anti, ndabwera kudzapepesa. Mawu aja ndinaika ndine."

"Ndikudziwa. Mmwenye angadziwe bwanji kuti ndimagulitsa mpunga?"

"Ndinalakwa kutchula dzina lanu pamsika."

"Unalakwadi. Dzina langa si usipa woti uziyanika pathandala aliyense azigwiragwira."

Amalume anakhosomola. "Asiyatu, mwanayu wachita mwano. Achemwali amulanga. Ine ndabwera kuti alendo ako akafika asamve zina ndi zina."

"Za mwano ndamva," anatero Anti, lichero likuyendabe. "Ine ndikufunsa china. Wanama?"

"Ndi mwana wa sukulu uyu, mafilimu amusokoneza mutu."

"Juma. Wanama?"

Lichero linaima. Nkhuku zimene zimadikira mankhusu nazo zinadzutsa mitu.

Amalume anathamangira kukhomo lawo lakale. Anamwetulira, mano onse pamtunda. "Aa, mkazi wanga, nawenso..."

"Usandiitane choncho." Anti sanakweze mawu. "Mawu amenewo wawatafuna mpaka atha madzi. Ndili mtsikana umanena, ndimaseka. Nditakwatiwa umanena, malemu amaseka nawo. Ndawaika m'manda, eda ya umasiye yatha, ndabwerera pamsika, iwe ukunenabe chimodzimodzi, kumwetulira komweko. Ine ndikanadziwa bwanji tsiku limene unasiya kuseka?"

"Nyimbo ija..."

"Nyimbo ija ndimaimva. Ndikudziwa ngakhale pamene memole yako imadumphira. Koma ine ndikwatiwe ndi gitala?"

Ine ndinali chigwadire, mawondo akuwawa, koma sindikanasuntha ngakhale linthumbu likanandipeza. Amalume anatembenuza chipewa chawo m'manja, anachitembenuzanso. Akanena kuti ndanama, dzina la Anti liyera, masana ankhoswe atenga yankho, nkhani yatha. Ndi zimene tinatumidwa. Amalume anadzutsa mutu.

"Sananame."

"Sindinamve."

"Mwanayu sananame, Asiyatu. Ndi wamwano, koma sananame."

"Ndiye umadikira mmwenye adzakunenere? Iwe wemwe unanyamula ankhoswe a eni ake pa njinga yako, n'kuwatsitsa pakhomo panga pano."

"Ndinayendetsa pang'onopang'ono."

Anti anafuna kuseka, ndinaona ndi maso angawa, koma anameza. Anatembenukira kwa ine.

"Shaibu, dzuka. Kaime pa mango apo. Amalume ako akufuna kulankhula Chichewa popanda womasulira."

Pa mango paja mawu samafika. Ndimangoona zithunzi: amalume atakhala pansi pamphepete pa khonde, manja akuyenda, kenako manja atasiya kuyenda. Anti akuyang'ana m'lichero. Inali filimu yozimitsa mawu, yabwino kuposa zonse za kwa a Bwanali, ndipo lilime limandiyabwa kuti ndiimasulire. Ndinadzigwira. Mundilembere pamenepo.

Masana ankhoswe a ku Dwangwa anafika, analandiridwa bwino, anadya, ndipo anauzidwa zoona. Pobwerera anakwera kabaza wina. Amalume sanauzidwe kuti eya. Anauzidwa kuti atumize ankhoswe awo ngati munthu wamkulu, ndipo za ndowa, ukwati wachisilamu, zidzakambidwa akuluakulu akakhala pansi.

Bambo a ku Dwangwa aja amandimvetsa chisoni. Mufilimu munthu wotere amamupanga woipa, wa ndevu zopindika, kuti akagonja tiombe m'manja. Uyu sanalakwe kanthu. Mwa anthu onse a m'nkhaniyi, ndi yekhayo amene anafuna chinthu n'kuchinena poyera, m'njira yake, pa nthawi yake. Ndipo ndi amene wapita chimanjamanja. Zimenezi womasulira aliyense amazidumpha.

Mawu a mayi uja wa kumbuyo kwanga nawonso sanabwerere m'kamwa. Alipo amene akunong'onezanabe Anti akamadutsa, ndipo ena adzapitiriza ngakhale ndowa itachitika. Pamenepo pokha ndi pamene pamandiluma. Mukandifunsa ngati ndingachitenso, ndikuuzani kuti eya, koma ndingachotse mawu akuti "wa mpunga", ndi chimkuzamawu ndingachitsitseko pang'ono.

Pali chifukwa china chimene ndinamvera msanga kuti belu la amalume lasiya kulira, ndipo ichi sindinauze ngakhale mayi.

Bambo anga ali ku Joni. Anapita ndili ku pulayimale. Akaimba foni, ine ndiye wa zisudzo: ndimawayerekezera aphunzitsi a masamu, ndimawauza za mbuzi imene inalowa mu ofesi ya ahedi, iwo amaseka mpaka kutsokomola, mayunitsi n'kutha. Tsiku lina chaka chathachi ndinasiya zonsezo. Ndinati, "Ababa, ndakusowani. Mubwera liti?"

Anaseka. "Iwe Shaibu iwe! Wayambatu. Nena, ukufuna foni yatsopano eti?"

Nanenso ndinaseka. Ndikanatani? Munthu wa nthabwala akalira, anthu amadikira kuti amalize aombe m'manja. Pa sitetasi yanga madzulo a tsiku limenelo panali nyimbo inayake, ndipo bambo anaiona, n'kuyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Ndiye mwina mawu aja a pa chimkuzamawu sindinakuwire amalume okha. Sindikudziwa. Ndikungodziwa kuti kunenera mnzako n'kosavuta, mphuno utafinya, nkhope ili ya mmwenye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, amatero. Ine ndatsekulira amalume, changa chikadali chotseka.

Nanga inu? Nyimbo ija mumaibwereza foni ikakhala m'manja, mukuimbira ndani? Iye akudziwa, kapena akuyesa mumangoikonda gitala yake? Mukudikira mwana wa ndani adzakubereni fulashi? Ana a mwano ngati ine ndife ochepa, ndipo sitingafike paliponse.

Tsono chilango.

Mayi anandiletsa kulowa kwa a Bwanali mpaka teremu ithe. A Bwanali anawonjezera kuti ngakhale teremu itatha, fulashi yawo ndisadzaikhudzenso, ngakhale kuiyang'ana. Anti ndiwo anaika chachikulu. Akuti poti ndimakonda kumveka pamsika, ndikaweruka kusukulu ndizikhala pamzere wawo ndikuitanira makasitomala, ndi pakamwa pangapa, popanda chimkuzamawu, mpaka thumba lithe.

Ndayamba kale. Anzanga a m'kalasi amabwera dala kudzandiona ndikukuwa kuti, "Mpunga wonunkhira uwu, amayi!" Ndimawagulitsa nawonso. Ndipo palibe amene anaganizira kuti mzere wa mpunga wayang'anizana ndi denga la a Bwanali. Filimu iliyonse ndikuimva kuyambira poyamba mpaka pamapeto, osalowa. Kale ndimaika mawu pa zithunzi za eni. Pano ndikuika zithunzi pa mawu a eni, ndipo zanga zikuposa.

Dzulo masana amalume anabwera pa siteji n'kuimika njinga. Sipika inali pa chiwongolero, yozima. Anavula chipewa, anawoloka, anaima patsogolo pa thumba la mpunga. Amayi a pamzere anasiya zimene amachita, kudikira belu.

"Asiyatu, waswera bwanji?"

"Ndaswera, Juma. Wadya?"

Palibe anaseka.

Ine ndinatsegula pakamwa, poti nthabwala yabwino kwambiri inali itandifika pa lilime. Anti sananditembenukire n'komwe.

"Iwe, gulitsa mpunga."